Mabotolo Akuda a Twaibu

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko?

Ndine Idrisa. Mukudziwa kuti sindine munthu woyankhula ndi manda, ndipo sindikuganiza kuti pali basi yonyamula kalata ngati iyi. Ndikulemba chifukwa nkhani ili m'mutu mwangayi ikufuna munthu amene anamudziwa mlongo wanga Asiyatu kuyambira ali kumsana, ndipo munthu wotero ndinu nokha. Komanso chinthu ndikachilemba ndimachiona bwino kusiyana ndi kumangochitembenuza m'mutu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Mariamu anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu, ndipo akayamba kulira salola kuti wina ayankhule, choncho sitikukayika kumene wachokera. Sadaka yanu tinachita, anthu anadya n'kutsala. Chimanga cha kumtunda tapeza chochepa chifukwa mvula inadula ngaiyaye zitangotuluka. Dimba lanu la kumunsi ndiye linamira, nyanja inakwera mpaka kufika pa mtengo wa mango uja. Nandolo ndi amene watipulumutsa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anagwidwa ndi agalu a kwa aneba, ndipo mwini agaluwo akukana mpaka lero ngakhale chikopa tinachipeza kuseri kwa bafa lawo.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mwana wanu Asiyatu ali ndi chotupa m'bere lakumanzere. Anachimva patapita miyezi yochepa inu mutatisiya, koma anabisa, mpaka tsiku lina anauza Mariamu akuchapa limodzi. Ndinapita naye kuchipatala. Anadula kachidutswa n'kukatumiza ku Blantyre, ndipo yankho linabwera loti ndi khansa. Adokotala anatiuza mosabisa kuti momwe akuonera sinafalikire, koma berelo liyenera kuchotsedwa msanga. Anatipatsa tsiku loti tikapezeke kuchipatala chachikulu ku Blantyre komweko.

Mwamuna wake Saidi akadali ku Joni. Titamuimbira anati zonse n'za Mulungu, kenako foni inaduka, ndipo sanaimbenso sabata yonse. Tikubwerera kuchipatala Asiyatu anandiuza kuti, "Achimwene, munthu anandisiya ndili ndi awiri, adzabwere apeze limodzi? Sadzatsika n'komwe basi, adzapitirira kwa wina." Ndinamuyankha kuti mwamuna wowerenga mawere si wolirira. Yankho linali loona, koma silinamuthandize chilichonse.

Ndi m'sabata yomweyo mmene anabwera Twaibu, mwana wa achimwene anu, amalume a Bwanali. Akadali pa njinga yamoto yake, kunyamula anthu ndi katundu pa malire a dziko pa Chiponde. Anafika kwa Asiyatu ine ndilipo, n'kutulutsa m'jekete timabotolo tonga ta mankhwala a chifuwa, m'kati muli madzi akuda bii. Pa pepala lomatidwapo analembapo Chipwitikizi ndi Chingerezi, koma dzina la fakitale panalibe, dziko lochokera panalibe.

"Msuweni, wapulumuka," anatero kwa Asiyatu. "Iyi ndi Nano. Azungu asiya kudula anthu, mipeni atsala nayo ndi a kuno. Supuni m'mawa, supuni madzulo, chotupa chimasungunuka chokha."

Ndinamufunsa kuti m'katimo muli chiyani. Anandiseka. "Aphunzitsi a sayansi akufunsa wa kabaza? Dziko latembenuka. Onerani apa, mwina mukaphunzitse ana anu zatsopano, osati zomwe zija za viniga ndi soda." Anandipatsa foni. Munali kanema wa timachubu takuda tikusambira m'magazi, tikufika pa chotupa, chotupacho n'kuphwa.

Ndinakumbukira mawu anu a kumsika aja akuti, "Wogulitsa chambo akachulutsa nkhani za nyanja, iwe tsegula makha uone ngati ndi ofiira." Choncho masiku atatu otsatira, nthawi yopuma kusukulu, ndinkakhala ndi foni n'kumawerenga chilichonse chimene ndikanapeza. Ndikuuzeni zimene ndinapeza, chifukwa chovuta pa nkhaniyi n'chakuti Twaibu sananame zonse.

Timachubuto tilipodi. Amatitcha mananochubu. Ndi ta kaboni, chinthu chomwe chija chili m'makala, m'mwaye ndi m'kati mwa pensulo. Muganize waya wa khola la nkhuku mutamupinda kukhala paipi, kenako paipiyo muichepetse mpaka tsitsi la munthu likaima pambali pake lioneke ngati mlambe. Tikakhala tokha timachubuti timadana ndi madzi. Timangogwirana, kupotana ngati ukonde woponyedwa m'bwato mosasamala, n'kukhala mibulu. M'thupi mibulu yoteroyo si yabwino, ndipo tina tatitali ndi touma tinapezeka kuti timavulaza mapapo a nyama zimene anayesera. Ndiye akatswiri amativeka chinthu chotchedwa polima. Polima ndi chinthu chilichonse chimene tizigawo take talumikizana ngati mkanda wautali. Wina amapangidwa m'fakitale, wina amamutenga m'zigoba za nkhanu. Akakulunga kachubu ndi polima, monga mmene ababa ankakulungira mphira pa chigwiriro cha mpeni, kachubuko kamalola kusakanikirana ndi madzi, thupi silikakana msanga, ndipo pa polimayo akhoza kumangirirapo mankhwala kuti akatsitsidwe pa chotupa penipeni. Ena amawalitsa kuwala kwapadera pa chotupacho kuti timachubu titenthe n'kupsereza khansa kuchokera m'kati.

Zonsezi n'zoona, amayi, ndipo n'zokongola. Koma zimene ndinawerenga zinali za m'timbale ta m'labu ndi za mbewa. Sindinapeze dziko limene linavomereza kuti odwala azipatsidwa timachubuti ngati mankhwala, ndipo sindinapeze paliponse pamene munthu amamwa ndi supuni. Komanso chinthu chofuna makina odula chonchi chingafike bwanji m'jekete la Twaibu chisanafike kuchipatala chachikulu?

Ndinapita kukawauza zimenezi pakhomo pa amalume, Asiyatu ndi Twaibu alipo. Amalume anamvetsera akusisita ndevu, kenako anati, "Ndiye iwe ukuti m'botolomu muli chiyani?"

Ndinati, "Makala opera kapena mwaye, basi."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna mumve kwa ine osati kwa wina. Ndinkafuna umboni woti aliyense auone ndi maso. Ndinati tithire madziwo m'tambula yagalasi, ikhale masiku awiri osaigwedeza. Ngati ndi mwaye kapena makala, zakudazo zikhala pansi, madzi ayera pamwamba. Ngati ndi timachubu tovekedwa polima, madzi akhalabe akuda. Ndinayankhula ngati ndili kutsogolo kwa kalasi. Twaibu anavomera mofulumira kwambiri, ndipo kufulumirako kunayenera kundichenjeza.

Tambulayo ndinaisunga ndekha, pawindo la kuchipinda kwanga, kuti wina asaikhudze. Tsiku loyamba, yakuda. Lachiwiri, yakuda. Ndinawonjezera lachitatu mwakachetechete. Inali yakuda kuyambira pansi mpaka pamwamba, popanda ngakhale kamzere koyera.

Sindinabise. Ndinaitenga n'kupita nayo kwa amalume. Twaibu anavula chipewa n'kundigwadira mwachipongwe. "Aphunzitsi, ndakhoza? Mundilembere satifiketi." Amalume anati, "Mayeso unabweretsa wekha, mphwanga. Palibe anakukakamiza. Akhala pansi madziwo?" Ndinati sanakhale. Nkhope ya Asiyatu inawala mmene sinawalire chiyambire kudwala.

Tsiku la ku Blantyre litafika, ndinamupeza akusesa pabwalo, chikwama sanalongedze. Ndinakalipa, ndinachonderera, ndinamukumbutsa kuti mbumba yanu munaisiya m'manja mwanga. Iye anangoti, "Achimwene, inu simukhulupirira munthu, mumakhulupirira umboni. Umboniwo mwauona. Mukufunanso chiyani?" Ndodo imene anandimenya nayo ndinasema ndine.

Panapita masabata asanu. Ankamwa supuni zake mokhulupirika, mano akuda, n'kumanena kuti chotupa chikufewa. Ine ndikamufunsa Mariamu, amene amamuona posamba, ankangopukusa mutu.

Tambula ija ndinaibwezera pawindo n'kuisiya pomwepo, chifukwa sindinkafuna kuiona komanso sindinkafuna kuitaya. Loweruka lina m'mawa Mariamu anati akufuna tambula yake, alendo akamabwera amachita manyazi ndi makapu apulasitiki. Poinyamula, inakanirira pa thabwa ngati yamatidwa. Pamwamba pa madziwo panali nkhungu yoyera. M'mphepete, pamene madzi anaphwera, panatsala mzere wakuda wonyezimira, wong'ambikang'ambika ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe. Kenako fungo linandifika: kuwawasa pang'ono, ndi kautsi ka parafini.

Amayi, ndinakhala pansi pa bedi. Linali fungo la wino wanu.

Ndinaona zonse. Ababa akuphunzitsa ana ku madarasa, matabwa olembapo ali m'mizere pakhoma, ndipo inu mukuwapangira inki ija iwo ankaitcha wino. Munkayatsa koloboyi n'kuika mbale yachitsulo pamwamba pa lawi kuti mwaye uunjikane. Munkatituma ku mitengo ya mthethe kukatola utomoni, n'kuuviika m'madzi mpaka usungunuke. Tsiku lina ine ndinafuna kudula njira, ndinathira mwaye m'madzi opanda utomoni, ndipo unangoyandama m'mibulu, wina n'kukhala pansi. Munaseka n'kunena kuti, "Mwaye ndi madzi sakwatirana popanda ankhoswe." Wino ukakhalitsa unkachita nkhungu yomweyi, ndipo munkautaya kuseri kwa nyumba mukudandaula.

Utomoni ndi polima, amayi. Ndi mkanda wautali womwe uja, wopangidwa ndi mtengo. Umakuta kambewu kalikonse ka mwaye kuti kasagwirane ndi kanzake, ndiye madzi amakhala akuda mpaka kalekale. Nditabwerera ku zowerenga zanga ndinapeza kuti akatswiri ena amagwiritsadi ntchito utomoni wa mitengo ya mtundu womwewu pomwaza timachubu tawo m'madzi. Ntchito imene iwo amachita ndi makina, inu munkaichita ndi chala pa mbale, pa mwaye wamba. Mayeso anga aja sakanatha kusiyanitsa Nano ndi wino wa ku madarasa. Ndinafufuza m'foni masiku atatu, pamene yankho ndinakula ndikulinunkhiza.

Sindinathamangire kukalalikira. Ndinali nditaphunzira kuti pakamwa panga pandigwetsa kale kamodzi. Ndinabwereka koloboyi kwa agogo ena a kumsika, chifukwa masiku ano aliyense ndi tochi ndi sola. Utomoni ndinakatola ndekha. Ndinapera monga munkachitira, ndinasefa pa kansalu, n'kuthira m'botolo lopanda kanthu la Twaibu limene Mariamu anatola kudzala kwa Asiyatu. Pepala lake linali likadalipo.

Lachisanu titatuluka ku mzikiti ndinawaitanira onse kwa Asiyatu. Ndinamupempha kuti atulutse botolo limene akumwa, ndinalitenga pamodzi ndi langa kumbuyo kwanga, n'kuwaika onse awiri pa mphasa.

"Limodzi ndi lako, Twaibu. Lina ndapanga ndine kunyumba. Loza lako."

"Iwe msuweni, ukufuna undilembetse mayeso ngati mwana wa Fomu 2?" Ankaseka, koma anawanyamula. Anawakhutchumula, anawayang'anitsa padzuwa, anawabwezera pansi. "Zinthu izi saziona ndi maso. Amayeza ndi makina."

"Ndi zimene ndikunena. Iwe unayeza ndi makina ati?"

Amalume anayamba kunena kuti pachibale sitichititsana manyazi chonchi, koma Asiyatu anali atatsegula kale mabotolo onse. Mukukumbukira kuti pa ife ana, wopera wino wamkulu anali iye, ine ndinali wotola utomoni chabe. Ananunkhiza langa, n'kuima. Ananunkhiza lakelo, nthawi yaitali, ngati akulinunkhiza koyamba. Anadontheza pang'ono pa chala, n'kupanikiza ndi chala chachikulu, n'kudikira. Polekanitsa zalazo zinamatana. Anachitanso chimodzimodzi ndi botolo linalo. Kenako anathyola kabango pa mpanda, anakasongola ndi mano, n'kulemba dzina lake kawiri pa chitseko, kamodzi ndi botolo ili, kamodzi ndi ilo. Tonse tinangoyang'ana zilembozo zikuuma. Zinauma mofanana, zonyezimira.

Anatembenukira kwa Twaibu. Sanakweze mawu. "Ababa akatipatsa kombe, ankayamba alemba mawu a Mulungu pa mbale, kenako n'kutsuka kuti timwe. Iwe wandimwetsa wino masabata asanu wopanda ngakhale aya imodzi ya m'buku la Mulungu."

Twaibu analumbira kuti sankadziwa. Akuti amagula kwa munthu wina wa tsidya lija, wovala bwino, wokhala ndi galimoto. Akuti ngakhale apongozi ake anawapatsa botolo chifukwa cha shuga. Analira misozi yeniyeni, ndinaiona. Asiyatu anamuuza kuti, "Pukuta, msuweni, ungadetse jekete," n'kulowa m'nyumba.

Ndiyenera kunena zoona zonse, popeza inu simunkakonda nkhani yodulidwa mchira. Sindinatsimikize kuti m'botolo la Twaibu mulibe timachubu. Kuti munthu atione pamafunika makina amene sukulu yanga sidzakhala nawo. Chimene ndinaonetsa n'chakuti mwaye ndi utomoni zimachita zonse zimene madzi akewo amachita, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti muli china. Komanso zitakhala kuti timachubuto tilimodi, nkhani ingaipe kuposa apa, chifukwa ndiye kuti mlongo wanga wakhala akumwa chinthu chimene sichinaloledwe n'komwe kupatsidwa kwa odwala. Ndi bwino akhale atamwa wino.

Za Twaibu sindikudziwa. Zikhadabo zake n'zakuda, koma ndi munthu wa njinga yamoto, zakhala zakuda chiyambire. Popita kwathu tsiku limenelo ndinadzera kuseri kwa nyumba ya amalume, ndipo mitengo itatu ya mthethe ili kumeneko inali ndi mabala atsopano a mpeni. Koma ana nawonso amatema mthethe kufuna utomoni wotafuna. Sindinamuone akutema, ndiye sindinena. Ndimangokumbukira mmene anavomerera mayeso anga mofulumira, ngati munthu wodziwa kale kuti madzi ake sakhala pansi. Ndi mwana wa achimwene anu, ndipo pa maliro anu ndi iye anatsikira m'manda pamodzi ndi ine. Zonse ziwirizi ndimazinyamula, ndipo sizikusakanikirana.

Lachiwiri tinabwerera kuchipatala. Adokotala sanatikalipire, chimene chinandipweteka kuposa kukalipa. Anayeza n'kunena kuti chotupa chakula, ndipo m'khwapa mwatuluka mwanabere amene poyamba panalibe. Ndinawafunsa ngati ndi masabata asanu aja achititsa. Anati sangadziwe. Ndinafunsanso mwanjira ina, anayankha chimodzimodzi. Ine sindingathenso kudziwa, koma gawo langa ndikulidziwa: popanda tambula yanga, Asiyatu mwina akanakwera basi tsiku loyamba lija, akulira koma atakwera.

Atipatsa tsiku lina, Lolemba likudzali. Asiyatu wavomera. Walongedza zitenje, beseni ndi kapu, ndipo ana ake akagona kwathu. Saidi tamuuza, wati ayesetsa. Mabotolo otsala tinakawathira m'chimbudzi Asiyatu akuona, koma Mariamu akuti pa shelefu panali lina lakumbuyo limene sanalione likutuluka. Nditamufunsa Asiyatu anandiyang'ana m'maso n'kuti, "Achimwene, mwayamba kukayikira ndi ine yemwe?" Ndinati inde. Anaseka koyamba m'masabata onsewa, koma sanayankhe funso.

M'chikwama chake sindifufuzamo. Ngati botololo lilimo, ndi mwaye ndi utomoni, ndipo madokotala ndikawauza ndekha zimene wakhala akumwa kuti adziwe. Chimene ndikuopa si botolo. Ndikuopa pa Liwonde, pamene minibasi imaima nthawi yaitali ndipo zina zobwerera ku Mangochi zimakhala zikuitanira tsidya la msewu. Mwana wanu mumamudziwa. Akhoza kunena kuti akukagula madzi.

Ahedi andipatsa masiku opuma kusukulu. Madzi ndigula tisananyamuke, Asiyatu akhala kuwindo, ine ndikhala kumbali ya khomo. Sindikulonjezani kuti achira, chifukwa sindikudziwa, ndipo munandilera kuti ndisamalonjeze za mawa ngati ndazigwira m'manja. Chimene ndikulonjeza n'chimene ndingathe: ndikamufikitsa pa bedi la chipatala, ndikakhala pa benchi mpaka atuluke m'chipinda cha opaleshoni, ndipo akadzuka n'kuyang'ana pachifuwa pake, sakakhala yekha.

Mupereke moni kwa ababa. Ndimakukondani, ngakhale sindinkanena.

Ndine mwana wanu,
Idrisa